Kodi mabuku a ku Australia amati dzikolo ndi la yani?

Funso: "Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ndipo ndapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Perth, m'dziko la Australia. Anzanga amene anapitako amati anthu a kumeneko amanyadira kuti dziko lawo ndi lachilungamo, lopatsa aliyense mwayi wofanana. Koma mabuku amene atitumizira kuti tiwerengeretu angodzaza ndi nkhani za kulandidwa malo, tsankho ndi mkwiyo. Kodi zoona ndi ziti, nanga ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, anzanuwo sanakunamizeni. Anthu a ku Australia ali nacho chikhulupiriro chimene amachitcha "fair go", choti munthu aliyense apatsidwe mpata woyesa mwayi wake, ndipo wina asadzione wapamwamba chifukwa cha banja lobadwiramo kapena chuma cha makolo ake. Chikhulupirirochi sichongolankhula pakamwa, chifukwa chinasiya zizindikiro m'malamulo ndi m'khalidwe la anthu. Chimene anzanuwo sanakuuzeni n'chakuti lonjezoli linapangidwa lili ndi malire, ndipo olemba ambiri a masiku ano amalemba za anthu amene anasiyidwa kunja kwa malirewo. Mukamawerenga mudzaona kuti olembawa salinyoza lonjezo la chilungamolo. Amalitenga monga muyeso n'kuyeza nalo dziko lawo, ndipo mkwiyo umene mwaupeza m'mabukumo ukuchokera pa kupereweraku.

Tiyambe ndi kumene chikhulupirirochi chinachokera. Azungu oyamba kukhazikika ku Australia anafika ku Sydney pa 26 Januwale 1788, ndipo ambiri mwa iwo anali akaidi ochokera ku Britain. Pofika 1868, pamene ntchito yotumiza akaidi inatha, anthu pafupifupi 162,000 anali atatumizidwa kumeneko. Mtundu woyambira kwa akaidi, okumba golide, oweta ng'ombe ndi ometa ubweya wa nkhosa sukanakonda ulemu wa mabwana a ku England, choncho unakulitsa mwambo wodalirana pakati pa amuna ogwira ntchito zakalavulagaga ndiponso wokayikira aliyense wodzikweza. Magazini ya The Bulletin, imene inayamba mu 1880, ndiyo inasandutsa mwambowu kukhala zolembalemba, posindikiza nthano zazifupi za Henry Lawson ndi ndakatulo za Banjo Paterson. Malamulo nawo anatsatira. Akazi achizungu analoledwa kuvota pa zisankho za dziko lonse mu 1902, mayiko ambiri a ku Ulaya asanatero, ndipo mu 1907 woweruza H. B. Higgins anagamula kuti malipiro a mwamuna wogwira ntchito asachepere masheleni 7 patsiku, ndalama zokwanira kusamalira mkazi ndi ana atatu. Pa nthawi imeneyo zimenezi zinali zachilendo, ndipo anthu a ku Australia ali ndi chifukwa chozinyadira.

Komabe nyumba ya malamulo imene inakhazikitsidwa mu 1901, pamene zigawo zisanu ndi chimodzi zinaphatikizana kukhala dziko limodzi, inayamba ntchito yake pokhazikitsa lamulo loletsa anthu osakhala azungu kulowa m'dzikomo. Lamulolo silinatchule mtundu wa khungu. Linapatsa wogwira ntchito padoko mphamvu yolembetsa mlendo aliyense lembetso la mawu 50 m'chinenero chimene wogwira ntchitoyo wasankha, osati chimene mlendoyo akudziwa. Mu 1934 boma linafuna kuthamangitsa mtolankhani Egon Kisch, yemwe ankadziwa zinenero zambiri za ku Ulaya, ndipo linamulembetsa m'Chigaelic cha ku Scotland kuti alephere. The Bulletin yomweyo, yotchuka poimira munthu wamba, inkasindikiza pamwamba pa tsamba lake loyamba mawu onena kuti Australia ndi wa mzungu, ndipo mawuwo anachotsedwa mu 1961. Malamulo oyendetsera dziko ananena kuti Aaborijini, omwe ndi eni nthaka oyamba a dzikolo, asamaphatikizidwe powerenga chiwerengero cha anthu a m'dzikomo, mpaka riferendamu ya 1967 inafufuta ndimeyo. Malipiro achilungamo aja sanafike kwa Aaborijini oweta ng'ombe m'mafamu a kumpoto, n'chifukwa chake mu 1966 Vincent Lingiari anatsogolera anthu a mtundu wa Gurindji kunyanyala ntchito pa famu ya Wave Hill, ndipo posakhalitsa zinaonekera kuti chimene ankafuna kwenikweni si malipiro okha koma nthaka ya makolo awo.

Kuti muone mmene malirewa anakhalira m'zolembalemba, werengani nthano yaifupi ya Lawson ya 1892 yotchedwa The Drover's Wife, imene ana asukulu ambiri a ku Australia aphunzira. Mayi ali yekha ndi ana anayi m'kanyumba ka kutchire, mwamuna wake anapita kutali ndi nkhosa, ndipo mayiyo akuchezera usiku wonse kudikira njoka imene yalowa pansi pa nyumba. Ndi nthano yabwino, yolembedwa mosawononga mawu, ndipo imalemekeza kupirira kwa mkazi wosauka. Koma Aaborijini amangoonekera m'mphepete: mayi wina amene anamuthandiza pobereka, ndi bambo wina amene anamuunjikira nkhuni mwachinyengo. Palibe pamene nthanoyo imafunsa kuti malo amene pali kanyumbako anali a yani. Patapita zaka zoposa 120, Leah Purcell, wolemba ndi wochita zisudzo wa Chiaborijini, anatenga nthano yomweyo n'kuilembanso monga sewero mu 2016, kenaka monga nthano yaitali, ndipo anaika pakati anthu amene Lawson anawasiya m'mphepete. Zolembalemba zamakono za ku Australia zimagwira ntchito motero kawirikawiri, pobwerera ku nkhani imene aliyense amaidziwa n'kufunsa za amene sanalankhule m'menemo.

Nkhani ya nthaka ndiyo imasiyanitsa Australia ndi mayiko ena amene analamulidwa ndi Britain, ndipo apa mbiri ya kwathu ingakuthandizeni. Ku Nyasaland nakonso atsamunda anatenga minda yaikulu m'madera a Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, n'kuika eni nthaka pa thangata. Koma iwo anali ochepa, ndipo ufulu utabwera mu 1964 palibe amene anakayikira kuti dziko ndi la yani. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma ku Australia mlendo sanakamuke. Anakhala, anachulukana, ndipo lero Aaborijini pamodzi ndi anthu a kuzilumba za Torres Strait sakwana anthu anayi pa anthu 100 alionse, ngakhale kuti makolo awo akhala m'dzikomo zaka zoposa 50,000 ndipo ankalankhula zinenero zoposa 250. Britain inatenga dzikolo ngati lopanda mwini, popanda kuligula ndiponso popanda pangano, pamene ku New Zealand kunasainidwa pangano la Waitangi mu 1840. Mpaka lero boma la dziko lonse la Australia silinachite pangano ndi eni nthaka. Chotsatira chake n'chakuti funso loti "kodi kuno n'kwathu?" silivutitsa obwera kumene okha. Limavutitsanso mzungu amene agogo a agogo ake anabadwira komweko.

Kusakhazikika mtimaku mudzakupeza ngakhale m'mabuku a azungu amene sanalembedwe ndi cholinga chandale. Mu Voss, nthano yaitali ya Patrick White ya 1957, wofufuza malo wa ku Germany amalowa m'chipululu ndi mtima wofuna kuchigonjetsa, ndipo chipululucho chimamumeza. White, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1973, ankaipidwa ndi kudzikhutitsa kwa anthu a m'mizinda ya kwawo. Cloudstreet ya Tim Winton, ya 1991, ndi buku limene anthu a ku Australia amalikonda kwambiri, ndipo linachitikira ku Perth komwe mukupitako. Limasimba za mabanja awiri osauka amene akukhala m'nyumba imodzi yaikulu kwa zaka makumi awiri mpaka kusanduka ngati banja limodzi. Ndi nkhani ya kudalirana kwa anthu wamba monga mmene mtunduwo umafunira kudziona, koma m'nyumbamo muli mizukwa, chifukwa kale inali malo osungiramo atsikana a Chiaborijini ochotsedwa kwa makolo awo. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu W. E. H. Stanner anali atanena kale mu 1968 kuti olemba mbiri ya dzikolo anachita kuzolowera kukhala chete pa za Aaborijini, ndipo anati kukhala cheteko sikunali kuiwala wamba koma chizolowezi cha mtundu wonse.

Aaborijini enieniwo sanadikire kuti wina awalankhulire. David Unaipon, yemwe nkhope yake ili pa ndalama ya madola 50, anasindikiza kabuku ka nthano za makolo mu 1929. Mlakatuli Oodgeroo Noonuccal, yemwe pa nthawiyo ankadziwika kuti Kath Walker, anatulutsa We Are Going mu 1964, ndipo anali mmodzi wa olimbikitsa riferendamu ya 1967, imene anthu oposa 90 pa 100 alionse anaivomera. Mu 1987 Sally Morgan anatulutsa My Place, mbiri ya moyo wake, momwe amafotokoza kuti anakulira ku Perth akuuzidwa kuti banja lawo ndi lochokera ku India, chifukwa amayi ake ndi agogo ake ankaopa kuti boma likadziwa zoona lingawalande ana. Manthawo anali ndi maziko. Lipoti la boma la 1997 lotchedwa Bringing Them Home linapeza kuti pakati pa 1910 ndi 1970, mwana mmodzi mwa ana khumi a Chiaborijini, mwinanso mpaka mmodzi mwa atatu, anachotsedwa mokakamiza kwa makolo ake. Zaka zisanu lipotili lisanatuluke, pa 3 Juni 1992, khoti lalikulu linali litagamula pa mlandu wa Eddie Mabo kuti ganizo loti dzikolo linalibe mwini linali lolakwika. Nduna yaikulu John Howard anakana kupepesa m'dzina la boma, ndipo kupepesako kunadzachitika pa 13 Febuluwale 2008 mu ulamuliro wa Kevin Rudd. Mabuku ambiri amene akutumizirani analembedwa mkanganowu uli mkati, ndipo popanda kuudziwa mungaone ngati olembawo akungokwiya popanda chifukwa.

Buku limene mwina lili pamwamba pa mndandanda wanu ndi The Secret River la Kate Grenville, la 2005, ndipo ndikufuna kulikhalira pang'ono chifukwa likuyankha funso lanu mwachindunji. Mwininkhani, William Thornhill, ndi wopalasa bwato pa mtsinje wa Thames ku London, mmphawi amene wagwidwa akuba matabwa n'kutumizidwa ku Sydney pamodzi ndi mkazi wake Sal. Wowerenga amayamba kumumvera chisoni, ndipo n'koyenera, chifukwa dziko la England lamupondereza kuyambira ali mwana. Atamasulidwa, amaona kachigawo ka nthaka m'mbali mwa mtsinje wa Hawkesbury ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake amaona kuti angathe kukhala ndi chinthu chakechake. Uwu ndiwo mwayi wa munthu wamba umene dzikolo limanyadira. Vuto n'lakuti pamalopo pali anthu a mtundu wa Dharug, amene amakumbapo zilazi zawo, ndipo Thornhill amadziwa zimenezi ngakhale amayesa kusaziona. Pamapeto amatenga nawo mbali pa kupha anthuwo, amalemera, amamanga nyumba yamiyala, koma mmodzi wa ana ake amamutalikira ndipo iye sapeza mtendere. Luso la Grenville lili pa kusamusandutsa chilombo. Wolembayo akusonyeza kuti chilungamo chimene munthu mmodzi analandira chinalipiridwa ndi wina, ndiponso kuti munthu wachifundo kwa banja lake angathe kuchita zoopsa akaona kuti mwayi wake wokhawo ukumupulumuka.

Bukuli linadzudzulidwa, ndipo muyenera kudziwa zifukwa zake. Olemba mbiri monga Inga Clendinnen ndi Mark McKenna anatsutsa ganizo loti nthano yopeka ingalowe m'malo mwa kafukufuku wa mbiri, makamaka pamene wolemba wasamutsa zochitika kuchokera ku malo ndi nthawi zina. Ena anaona kuti anthu a Dharug m'bukumo amaoneka koma maganizo awo samveka. Grenville anasankha dala kusalowa m'mitima yawo poopa kuwalankhulira, ndipo ine ndimaona kuti mantha akewo anali aulemu, koma zotsatira zake n'zakuti wowerenga amathera nthawi yonse m'mutu mwa wolanda malo, akumva ululu wa chikumbumtima chake. Pa chifukwa chimenechi bukuli lisawerengedwe lokha.

Liwerengeni pamodzi ndi mabuku a Kim Scott, wa mtundu wa Noongar, eni nthaka ya kumene kuli Perth. Benang, ya 1999, imasimba za mnyamata amene akuzindikira kuti agogo ake aamuna achizungu anamulera ngati chipatso cha ntchito yawo yofufuta khungu lakuda m'banjamo mwa kukwatitsa mibadwo motsatizana. Izi si zopeka zokha, popeza A. O. Neville, yemwe anali mkulu woyang'anira Aaborijini ku Western Australia kuyambira 1915 mpaka 1940, ankalimbikitsa poyera ndondomeko yotere. That Deadman Dance, ya 2010, imabwerera ku zaka zoyambirira za kukumana kwa Anoongar ndi azungu kugombe lakumwera, ndipo chopweteka m'bukuli n'chakuti eni nthaka analandira alendo mowolowa manja, akuyembekezera kuti kugawana kudzakhala kwa mbali zonse. Alexis Wright, wa mtundu wa Waanyi, amapita patsogolo kuposa apa. Mu Carpentaria, ya 2006, njoka yaikulu imene inaumba mitsinje, mizimu ya makolo, kampani ya migodi ndi mikangano ya mabanja zonse zili pamlingo umodzi, ndipo wolembayo sayima kuti afotokozere mlendo. Ndi buku lovuta, koma inu amene munakulira pa nthano za pamoto mungalimve msanga kuposa anzanu ena a m'kalasi. Tara June Winch, mu The Yield ya 2019, anamanga nkhani yake pa dikishonale ya chinenero cha Wiradjuri imene gogo wina akulemba asanamwalire, pamene kampani ikukonzekera kukumba mgodi pa malo a banjalo, ndipo mawu a m'dikishonalemo amasanduka umboni woti anthuwo sanachokepo pa nthaka yawo.

Chimene ndikufuna muone m'mabuku amenewa n'chakuti olemba ake sakupempha kuti awalowetse m'nyumba ya mtundu wa Australia. Kwa iwo munthu ndiye amakhala wa nthaka, ndipo amakhala ndi udindo pa mitsinje, miyala ndi nyimbo za malowo. Akaima pamenepo, funso limatembenuka, ndipo wofunika kufotokoza chifukwa chimene alili pamalopo ndi boma limene linakhazikitsidwa mu 1901.

Palinso gulu lachitatu, la obwera pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi ana awo. Lembetso lija linathetsedwa mu 1958, ndondomeko yokondera azungu inatheratu mu 1973, ndipo kalembera wa 2021 anapeza kuti anthu oposa 27 pa 100 alionse a m'dzikomo anabadwira kunja. The Slap ya Christos Tsiolkas, mwana wa makolo ochokera ku Greece, imayamba pa phwando lootcha nyama ku Melbourne pamene bambo wina akumenya mbama mwana amene si wake. Nkhaniyo imasimbidwa ndi anthu asanu ndi atatu, ndipo aliyense ali ndi muyeso wakewake wa choyenera. Tsiolkas sakometsera obwerawo, chifukwa ana a anthu amene ananyozedwa dzulo ndiwo alemera n'kuyamba kunyoza ena. Maxine Beneba Clarke, yemwe makolo ake ndi ochokera ku Caribbean kudzera ku England, analemba mu The Hate Race za kukula ali mwana wakuda pakati pa azungu kunja kwa Sydney, ndipo buku limeneli likhoza kukukhudzani kwambiri monga munthu wakuda wopita kumeneko. Malire aja sanafafanizike, anangosunthira kunyanja. Behrouz Boochani, mtolankhani wa Chikurdi wochokera ku Iran, anayesa kufika ku Australia pa bwato mu 2013 ndipo boma linamutsekera pachilumba cha Manus ku Papua New Guinea kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Analemba No Friend but the Mountains pa foni, n'kumatumiza zidutswa pa WhatsApp kwa womasulira wake Omid Tofighian. Mu Januwale 2019 bukulo linapata mphoto yaikulu ya zolembalemba ya chigawo cha Victoria, ya madola 100,000 a ku Australia, pamene wolemba wake sankaloledwa kuponda m'dziko lomupatsa mphotolo. Kenaka anakalandiridwa ku New Zealand.

Musaganize kuti mabukuwa ndi chithunzi cha maganizo a anthu onse. Mphoto ya Miles Franklin, imene ndi yolemekezeka kwambiri pa nthano zazitali kumeneko, yapita kangapo kwa olemba a Chiaborijini: kwa Scott mu 2000 ndi 2011, kwa Wright mu 2007 ndi 2024, kwa Melissa Lucashenko mu 2019 ndiponso kwa Winch mu 2020. Koma pa 14 Okutobala 2023, pamene anthu anafunsidwa ngati Aaborijini akhale ndi bungwe lolangiza nyumba ya malamulo lolembedwa m'malamulo oyendetsera dziko, pafupifupi 60 pa 100 alionse anakana, ndipo zigawo zonse zisanu ndi chimodzi zinakana. Chochititsa chidwi n'chakuti mbali zonse ziwiri zinkatchula chilungamo. Ovomera ankati si chilungamo kuti anthu oyamba m'dziko asamvedwe pa malamulo owakhudza, pamene okana ambiri ankati si chilungamo kupatsa gulu limodzi chimene ena alibe. Panalinso Aaborijini ena amene anakana chifukwa ankafuna pangano choyamba. Mukadzamva mnzanu wa m'kalasi akunena kuti aliyense azichitiridwa mofanana, dziwani kuti mawu omwewo angatanthauze kukonza cholakwika cha kale kapena kukana kuchikonza, ndipo ndi bwino kumufunsa chimene akutanthauza musanamuweruze.

Pa funso la poyambira, ndingakulangizeni kuti muyambe ndi nthano ya Lawson, popeza ndi ya masamba ochepa ndipo olemba ena onse akuyankha dziko limene iye analijambula. Kenaka werengani The Secret River motsatizana ndi That Deadman Dance, mukudzifunsa pa mutu uliwonse kuti akusimba ndani ndiponso amene wakhala chete ndani. The Yield ibwere pambuyo pake, kenaka The Slap kapena The Hate Race, ndipo Carpentaria muisungire nthawi ya tchuthi pamene simudzakhala pa liwiro. Mukafika ku Perth mudzamva pa misonkhano ya kuyunivesite wolankhula akuyamba ndi kuvomereza kuti mwasonkhana pa nthaka ya anthu a Whadjuk, amene ndi nthambi ya Anoongar. Ena amanena mawuwo kuchokera pansi pa mtima ndipo ena amangowatchula mwamwambo, pamene andale ena amafuna kuti mwambowo uchepetsedwe. Mukadzakhala mutawerenga Kim Scott mudzadziwa anthu amene akutchulidwawo ndi zimene zinawachitikira m'zaka za Neville.